Dzanja Limene Ndinapereka Pachipata

Amati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, koma phulalo ndinadyabe, ndipo amene anandidyetsa ndi alamu anga, achemwali awo a amuna anga. Mpaka lero ndikawamva akuodira pakhomo mtima umachita kuwira.

Kwathu ndi ku Dedza. Ku Chitipa ndinabwera ndi ntchito ya unamwino, n'kukwatiwa ndi mwamuna wa ku mapiri a Misuku. Ukwati tinachitira ku Lilongwe, ndipo apongozi aamuna sanabwere chifukwa cha miyendo. Choncho sindinawaonepo mpaka tsiku limene tinakonza phwando la ubatizo wa mwana wathu woyamba kunyumba kwathu pa Boma. Tsikulo mkuluyo anavomera kutsika kumapiri kuti adzanyamule mdzukulu wake ndi kumupatsa dzina la kwawo. Ine ndinkafuna chimenecho basi, kuti mwana wanga asamatchedwe mwana wa mlendo.

Alamu anafika kutatsala tsiku limodzi, ati kudzandithandiza. Thandizo lake linali kukhala pampando n'kumaloza ndi chala. Ine ndikusenda nthochi za mbalagha, zija amaphika pamodzi ndi nyama, ndinawafunsa mwaulemu.

"Alamu, kodi apongozi akafika ndiwalandire bwanji? Mwambo wa kuno sindiudziwa."

"Monga kwanu basi," anatero akutokosa m'mano. "Ulemu ndi umodzi paliponse."

Bodza lake! Ankadziwa bwino lomwe kuti kwawoko mkamwana, mkazi wokwatiwa pabanjapo, sayang'anizana ndi apongozi ake aamuna, sawagwira dzanja, ndipo akawaona akubwera amapatuka. Amuna anga nawonso, tulo take, ankayesa kuti achemwali awo anditsina khutu kale.

M'mawa mwake titachoka kutchalitchi ndinaima pachipata nditavala chitenje chatsopano. Anzanga a kuchipatala anabwera, aphunzitsi oyandikana nawo nyumba, ngakhale wapolisi wina wa kuchipata cha dziko amene sitinamuitane n'komwe. Onse ndinkawapatsa moni, kuwalozera mipando pansi pa mtengo wa mapeyala. Amuna anga anali atapita kumsika kukatenga makireti a zakumwa.

Kenaka njinga zamoto za kabaza zinaima, ndipo pa yoyamba panatsika mkulu wamtali, wa chipewa chakuda, atanyamula kathumba ka khofi wa m'munda mwake. Ndinayang'ana alamu, iwo n'kugwedeza mutu kuti ndi omwewo. Ndinathamanga, ndinagwada, ndinagwira dzanja lawo ndi manja anga onse awiri, n'kuwayang'ana kumaso ndikumwetulira.

"Mwaghona, baba," ndinatero, moni wa kwawo umene ndinauloweza sabata yonse.

Mkuluyo anasolola dzanja ngati wagwira mphika wotentha. Anavula chipewa n'kuphimba nacho nkhope, kathumba kaja kanagwa pansi. Amayi amene anabwera nawo anakuwa, wina anandikoka paphewa mpaka chitenje chinamasuka. Nditatembenuka ndinaona alamu atagwira pakamwa, koma maso awo ankaseka. Ndinawaona ndi maso angawa, asadzakane.

Amayi aja anandikankhira kukhitchini ngati mbuzi yolowa m'munda. Phwando langa, panyumba panga, ndinalionera pazenera la utsi. Alamu ndiwo anasanduka mwini nyumba. Ankazungulira ndi beseni la madzi osamba m'manja, akugawa mpunga wanga, nkhuku zanga, chapati chimene ndinapsa nacho zala. Wina akayamikira kuti mbalagha yakoma, iwo n'kumati, "Tayesetsa." Tayesetsa ndani? Asa!

Amuna anga atabwera anakagwada kwa bambo awo kupepesa. Mkuluyo sanakalipe. Anangoti sangadye pakhomo pamene wachititsidwa manyazi pamaso pa anthu, ndipo za mwana adzaziona nkhaniyi ikakonzedwa kumudzi. Anakwera njinga yomwe ija dzuwa lisanapendeke. Mwana wanga anali kumsana kwanga nthawi yonseyo, mkanjo wake woyera utada ndi utsi.

Alendo atatha ndinawapeza alamu akulongedza nyama yotsala m'kontena.

"Ndinakufunsani kapena sindinakufunseni?"

"Nanga mkazi wamkulu, wophunzira, ndingamuphunzitse ine?" anayankha osanditembenukira. "Mukanakhala wa kuno sibwenzi mukufunsa."

Pamenepo ndi pamene ndinamva chimene chinkawadya. Anali ndi mnzawo wa kumudzi amene iwo ankafuna kuti mchimwene wawo amukwatire. Ndinawalanda kontenayo, nyama ndinakhuthulira galu iwo akuona. Amuna anga anati ndaonjeza. Ine ndinati galuyo sanandinamizepo.

Tinagula mbuzi yokapepesera, n'kumadikira kuti mvula ithe, msewu wa kumapiri uume. Mkuluyo sanadikire. Anamwalira mvula isanathe, mdzukulu wake asanamunyamule, dzina asanamupatse.

Mwanayo tsopano ali kupulayimale. Tsiku lina anandifunsa kuti agogo ake ankaoneka bwanji, poti chithunzi chawo palibe. Ndinamuuza kuti anali ndi kachipsera pamwamba pa diso lamanzere, ndi mpata pakati pa mano ngati wake womwewo. Ndinaziona kamphindi kaja asanaphimbe nkhope.

Alamu amabwerabe tikakhala ndi phwando, poti m'bale sathamangitsidwa. Mpando ndimawapatsa, madzi osamba m'manja ndimawathirira, mbale yawo imadzaza ngati ya wina aliyense. Iwo nthawi zonse amatambasula dzanja pachipata. Ine langa limakhala m'chitenje.