Dengu la Amayi pa Botolo

Mayi anga anathyola tiyi ku esiteti mpaka msana unapindika. Nditayamba kupanga tsabola wa kambuzi wa m'mabotolo, ndinajambulitsa dengu lawo pa pepala lomata pabotolo, dengu lachigamba chofiira pa lamba. Ndinapita nalo ku Blantyre kukalembetsa ku boma kuti chizindikirocho chikhale changa. Abale anandiseka kuti ndikuchita matama. Kadengu mpaka sitifiketi!

Tsiku lina mwini golosale wa kwa Goliati anandibwezera mabotolo atatu, tsabola atachita thovu.

"Mayi, mwayamba kuthira madzi? Anthu akuti tsabola wa dengu wasintha."

Ndinayang'anitsitsa pepala la pabotolo. Dengu linali lomwelo, koma chigamba panalibe. Nditafufuza, wopanga anali msuweni wanga, mwana wa amalume.

Ndinamupeza akumata mapepala pakhonde, osachita n'komwe manyazi.

"Aaa, mkazi wanga, wakwiya? Si chisuweni ichi?"

Kwathu msuweni amakutengera nkhuku iwe ukuona, n'kuseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma apa zinandiwawa zedi. Anthu akasiya kukhulupirira dengulo, ine ndatha.

Amalume anatiitana tonse kwa amayi anga Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Anati dengu n'la mlongo wawo, choncho n'la banja lonse, ndipo magazi sapita kukhoti. Ndinagwada, n'kuyala sitifiketi pamphasa.

"Amalume, sindikunyoza ayi. Koma mawa botolo likapezekanso ndi dengu ili, kalata ya loya ifika pakhomo pano. Tsabola apange, ndimuphunzitsa ndine. Chizindikiro apeze chake."

Msuweni uja anasiya kuseka. Anatembenukira kwa amayi anga, poganiza kuti amuikira kumbuyo, paja amamukonda. Amayi anatenga botolo lake, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Chigamba chili kuti?"

"Ndinachichotsa, azakhali. Chimanyansitsa."

"Chimanyansitsa, eti? Ndinang'amba mpango wanga kusokera pamenepo, lamba atandidya phewa mpaka magazi. Iwe ukufuna dengu lopanda chigamba, ndiye si langa. Lichotse."

Madzulo amenewo mwana wa amalume uja ananyika mabotolo ake onse m'beseni, n'kumakanda mapepala ndi mpeni. Ndinamuthandiza, poti ndi msuweni wangabe.

Ndikupinda sitifiketi kuti ndizipita, amayi anandigwira mkono. Kuwerenga sadziwa, koma analoza kachithunziko ndi chala.

"Boma lalemba ndi chigamba chomwe?"

"Ndi chigamba chomwe, amayi."

"Ndiye usaike m'sutikesi. Upachike kuno kwanga, anthu aziona."

Ilipobe pakhoma pawo, pamwamba pa msomali womwe ankakolekapo dengu.