Chiganizo Kaye, Tiyi Pambuyo

Ndinadzuka kusanache monga mwa masiku onse, ngakhale panalibe wondiitana. Ndinali nditagona pamphasa pabalaza, pakati pa amayi a kumpingo amene anachezera kuimba. Ena ankasinza atatsamira khoma, ena ankaimbabe chapansipansi. Bokosi la ankhazi linali pakati pathu. Kunja kunali nkhungu ndi kamvula kowaza ka nyengo yozizira, kaja kosamveka padenga koma konyowetsa.

Ankhazi anali mlongo wawo wamkulu wa adada. Anaphunzitsa Chingerezi kusekondale mpaka kupuma, kenako anabwera kudzakhala nafe ku Nkhorongo. Mwana wawo analibe. Pakhomo pathu anaikapo lamulo limodzi: m'mawa munthu asanalandire tiyi, ayambe wanena chiganizo cha Chingerezi chokhala ndi mawu amene iwo asankha tsikulo. "Chiganizo kaye, tiyi pambuyo," ankatero atagwira ketulo. Ziganizo za m'buku ankazikana. Ankafuna za anthu amene timawadziwa, za mbuzi ya aneba, za nsapato za adada.

Ine mawu amene ankandivuta anali used to ndi am used to. Oyambawo amanena zimene zinkachitika kale koma zinaleka. Enawo amanena zimene munthu wazolowera. Kamawu kamodzi kokha ndi kamene kamawasiyanitsa, ndipo ine ndinkakaika posayenera kapena kukaiwala. Ankhazi sankakalipa. Ankangoyang'ana kapu yanga n'kunena kuti, "Tiwonge, tiyi wako akuzizira."

Dzulo lake adada anali atandiuza nkhani imene inandisowetsa mtendere. Ophunzira akale a ankhazi anapempha kuti kumanda apatsidwe mpata, aliyense anene chiganizo cha used to potsanzikana ndi aphunzitsi awo. Adada anafuna kuti ine nditsirize, m'malo mwa a pakhomo. Ine amene m'kalasi mawu amandithawa aphunzitsi akangotchula dzina langa. Ndinapukusa mutu. Iwo anati, "Chimodzi chokha, mwana wanga. Anthu adziwe kuti nafenso tinkaphunzitsidwa."

Ndinakonza chakuti My aunt used to wake me up every morning, kutanthauza kuti ankhazi ankandidzutsa m'mawa uliwonse. Chinali cholondola. Koma ndikachinena mumtima sindinkachimaliza, chifukwa mawu amenewo amavomereza kuti zinatha.

Kutayamba kuyera ndinatuluka. Abambo anali atazungulira chikuni kutsogolo kwa nyumba, atakweza makolala a majekete. Kuseri amayi anali atasonkha kale moto pamafuwa, ena akusankha nyemba, ena akudula kabichi. Nkhuni zinali zonyowa ndipo utsi unkangoyenda pansi. Ine anandipatsa ketulo ya ankhazi kuti ndizithirira anthu tiyi. Ndinayenda nayo mzere wonse, aliyense akuthokoza kuti yewo. Aka kanali koyamba kuona tiyi akutuluka m'ketulo imeneyo popanda chiganizo.

Dzuwa silinaoneke, koma anthu anabwera. Ena anatsika m'maminibasi, ena panjinga zamoto atafunda mapepala apulasitiki. Achibale ankalowa m'nyumba akulira, n'kutuluka atatonthola. Ophunzira akale ankadziwika msanga. Ankaima m'timagulu, akuluakulu a imvi ndi ena achinyamata, kugwirana manja n'kumakumbutsana mayina. Panali namwino atavala juzi pamwamba pa yunifolomu, wapolisi, mayi wogulitsa kaunjika mumsika amene amama amagulako, ndi bambo wina wadazi wa suti yakuda. Onse pofika kwa adada ankagwada pang'ono n'kunena kuti, "Phepani chomene." Kwa onsewa ankhazi anali Madamu.

Mwambo wa mapemphero unachitikira mutenti. Abusa sanatalikitse. Madzi ankadontha pamalo amodzi ndipo mayi wina anangotchera beseni n'kupitiriza kuimba. Ine ndinakhala pafupi ndi amama, ndikubwereza chiganizo changa. Nthawi zonse ndinkaima pakati.

Masana tinanyamuka. Bokosi linali patsogolo, ife achibale pambuyo pake, kenako malole a anthu oimba. Tinadutsa m'tauni pang'onopang'ono. Anyamata a njinga zamoto anaima m'mbali mwa msewu, ena anavula zipewa. Mayi wina wogulitsa nthochi anaika dengu lake pansi mpaka titadutsa. Polowera kumanda a ku Zolozolo msewu unali woterera, ndipo galimoto zitalephera tinatsika n'kumaliza wapansi, dothi lofiira likumata kunsapato.

Kumanda kamvula kanaleka. Bokosi litatsitsidwa ndipo anyamata atakwirira, tinayala nkhata za maluwa. Kenako woyendetsa mwambo anaitana ophunzira a Madamu.

Woyamba anali bambo wadazi uja. Anaima chilili ngati mwana wasukulu, manja kumbuyo, n'kunena mokweza kuti, "I used to have hair." Kunena kuti kale anali ndi tsitsi. Anthu anayesa kudzigwira koma zinakanika. Iye anafotokoza kuti ali mnyamata ankachedwa m'kalasi chifukwa chopesa tsitsi, ndipo Madamu anamulembera chiganizo chimenechi pabolodi n'kumuuza kuti achisunge, chidzamuthandiza m'tsogolo. "Lero ndachigwiritsa ntchito, Madamu," anatero akusisita mutu. Ngakhale abusa anaseka.

Wapolisi anati kale ankathawa m'kalasi kudzera pawindo. Mayi wa kaunjika anati kale ankaopa Chingerezi kuposa njoka. Aliyense akamaliza, anzake ankayankha kuti, "Wakhoza!" Sindinaonepo anthu akuseka ndi kupukuta misozi nthawi imodzi ngati tsiku limenelo.

Kenako ndinamva dzina langa. Amama anandikankha pang'ono pamsana. Ndinaima pafupi ndi maluwa, maso onse ali pa ine. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene chimene ndinaloweza, koma sichinatuluke. Ndinamva wina akutsokomola. Ndinayang'ana adada ndipo iwo anali atayang'ana pansi.

Pamenepo m'khutu mwanga munamveka mawu aja a tsiku ndi tsiku, akuti tiyi wako akuzizira. Ndinawamva bwinobwino, mmene ankakokera dzina langa. Ndiye ndinanena zimene zinali zoona pa nthawiyo: "I am used to her voice." Ndazolowera mawu awo. Ndinadabwa kuti zinamveka mpaka kumbuyo.

Bambo wina kumbuyoko ananong'ona, koma tonse tinamva. "Kamwana kasokoneza, kawonjezera am."

"Chete iwe," anatero namwino uja. "N'chifukwa chake unkakhala kumapeto pamayeso. Mwanayu wakhoza. Akunena kuti mpaka pano akuwamva."

"Inetu ndimangoyesa ngati mukukumbukira," bamboyo anadziteteza.

"Wakhoza!" anthu anayankha pamodzi, ndipo mawuwo anali aakulu kuposa poyamba paja. Ndinabwerera kwa amama ndikubisa nkhope m'chitenje. Adada anandigwira paphewa.

Titabwerera kunyumba anthu anasamba m'manja pachipata, anadya, n'kuyamba kutsanzika. Namwino uja anandifunafuna kuseri kumene ndinkatsuka mbale. Anandiuza kuti nayenso kale ankabisala kumbuyo kwa anzake, ndipo Madamu ankamudikira mpaka alankhule, ngakhale belu litalira.

Madzulo tenti inali itapasulidwa. Pabwalo panatsala phulusa ndi mabenchi a kumpingo oyembekeza kubwezedwa. Achibale amene anatsala anapita kukapumula kwa aneba. Pabalaza mipando inabwerera m'malo mwake, ndipo wa ankhazi unali pawindo pomwe unkakhala. Palibe anaukhalira.

Adada anapempha tiyi. Ndinabwera ndi ketulo, iwo anatambasula dzanja ndi kapu, ndipo ndisanaganize pakamwa panga panatuluka mawu akuti, "Chiganizo kaye."

Ndinachita manyazi kwambiri. Adada anandiyang'ana. Kenako anakonza pakhosi n'kunena kuti, "I used to fear my sister." Kuti kale ankawaopa alongo awo.

"Bodza," anatero amama ali pakhomo la kukhitchini. "Mpando uwo mwaulambalala chifukwa chiyani? Nenani chinacho."

Adada anayang'ana mpandowo, n'kuseka koyamba chiyambire maliro. "I am used to fearing my sister."

"Mwakhoza, adada," ndinatero, ndipo ndinawathirira tiyi asanazizire.