Galasi Lopanda Kanthu ndi Banja la Che Saidi

Ntchito yanga yoyamba inali yoyeza chimbudzi cha anthu, ndipo sindichita nayo manyazi. Ndinaipeza kudzera mwa achimwene anga amene ankaphika pa kachipatala kena ka mishoni kufupi ndi Mangochi boma. Atamva kuti ku labu kukufunika wothandizira, ananditumizira mawu ku Ntcheu. Ndinameta bwinobwino, pajatu masiku a chipani chimodzi aja tsitsi lalitali linali mlandu, ndinaika khadi la chipani m'thumba, ulendo.

Bwana wanga anali a Mvula, munthu wosakonda zoyankhulayankhula. Anandiphunzitsa kutapa chimbudzi pang'ono ndi kamtengo, kusakaniza ndi dontho la madzi amchere pagalasi, kuvundikira ndi kagalasi kopyapyala, n'kuika pa maikulosikopu. Magetsi kunalibe, kuwala tinkachita kukola pawindo ndi kakalilole. Posakhalitsa ndinayamba kuzindikira dzira la likodzo ndi kaminga kake pambali, mazira a njoka za m'mimba, ndiponso amiba, kachilombo ka kamwazi koyenda ngati kakhuta. Anzanga ankandiseka kuti ndinapitira sukulu fungo, koma ine ntchitoyo ndinaikonda. Lamulo la a Mvula linali limodzi: "Unene chimene waona. Chimene sunaone si chako."

Lamulolo linandilemera atabwera Che Saidi, msodzi wa ku Makanjira. Anali atatheratu, akutsegula m'mimba zamagazi, ndipo matendawo ankati akasiya n'kuyambiranso. Ndinayeza kambirimbiri osapeza kanthu. Mankhwala a kamwazi anamwa, osathandiza. Akazi awo, Abiti Yusufu, ndiwo ankawachapira ndi kuwaphikira phala kuseri kwa wodi, osadandaula ngakhale pang'ono.

Tsiku lina m'mawa kunafika amalume ake a wodwalayo, molunjika ku labu.

"Achimwene, mwapezamo chiyani m'mimba mwa mwana wathuyu?"

Ndinawauza kuti sindinapeze kachilombo kalikonse.

"Basi, ndi zomwe timanena zija. Makina a azungu sangaone zodyetsedwa. Wamudyetsa ndi mkaziyu. Lero tikumutenga, ukwati watha."

Abiti Yusufu anali chiimire pakhomo ndi kapoto ka phala m'manja. Mtima wanga unawawa kwambiri. Ndikanangoti ndaona amiba, banja likanapulumuka pomwepo, ndipo lilime linali kuyabwa ndithu. A Mvula anangondiyang'ana. Ndinathamanga kukaitana adokotala.

Adokotala athu, mayi wachikulire wodziwa Chichewa ndi Chiyao chomwe, anali atamuona kale wodwalayo m'matumbo ndi kachubu kokhala ndi nyali. Anafotokoza kuti matumbowo ali ndi zilonda, akutupa okha popanda kachilombo, ndipo kuti matenda oterewa nthawi zina amatsata magazi a ku mtundu. Anafunsa ngati alipo wachibale amene anadwalapo chonchi.

"Palibe," anatero amalumewo, n'kuyamba kutchula mbumba yawo yonse: alongo awo, ana a alongo awo, agogo akuchikazi. Onse a mimba zolimba.

"Nanga bambo ake?"

Amalume anaseka. "Amenewo ndi mlendo, mayi. Anangobereka n'kubwerera kwawo ku Chembe mwanayu akukwawa. Mwana ndi wa kuno."

Ine sindinadabwe, chifukwa nakwathu komwe timawerenga chimodzimodzi. Wodwalayo atagonekedwa ndinali nditamufunsa funso lomwelo, anayankha za kuchikazi zokhazokha, ndipo tonse tinakhutira. Za bambo palibe amene anaziganizira.

Apo m'pamene Abiti Yusufu anagwada n'kuyankhula motsitsa mawu. Anati atangokwatiwa anapita ku Chembe kukaona apongozi awowo, ndipo anawaphikira. Mkuluyo sankadya tsabola, ndipo pamphasa sankakhalitsa, kanthawi kochepa wadzuka kupita kuseri. Abiti Yusufu ankangoti ndi ukalamba.

Amalume anakana, n'kunena kuti ndi bodza la mkazi wogwidwa. Mkangano unakula mpaka odwala ena anatuluka m'wodi kudzaonerera. Amene anauthetsa ndi Che Saidi mwiniwake, atagwira chitseko kuti asagwe.

"Amalume, sindichoka pano mpaka ababa abwere."

Tinatumiza uthenga pa lole ya nsomba. Mkuluyo anabwera sabata yomweyo, wowonda ngati mwana wakeyo, nkhope imodzimodzi. Anamvetsera nkhani yonse atakhala pabenchi ya ku labu, kenako anatembenukira kwa alamu ake akalewo.

"Ine ndinayamba kutuluka magazi mpongozi wangayu asanabadwe. Mlongo wanga anapita nawo matenda omwewa. Ndiye tiuzeni, ifeyo anatidyetsa ndani?"

 Pochoka amalumewo analandira madzi akumwa kuchokera m'manja mwa Abiti Yusufu, ndipo anamwa onse.

Adokotala anaitanitsa mapiritsi ku Blantyre, a bambo ndi mwana yemwe. Anawauza mosabisa kuti matendawa satheratu, amangogona, komanso kuti si mwana aliyense wa m'banjamo amene adzawatenge. Che Saidi ananenepako, n'kubwerera ku bwato lawo ndi akazi awo. Akabwera kudzatenga mankhwala ankandibweretsera utaka wouma, amvekere, "Wa achimwene osaona kanthu."

Ndinagwira ntchito ya labu mpaka kupuma, ndipo ndinasangalala nayo. Galasi likakhala lopanda kanthu ndinkanena kuti lilibe kanthu, koma sindinkalekera pomwepo. Wodwala akamaliza kunditchulira amayi ake, amalume ake ndi abale onse akuchikazi, ndinkamudikira apume kaye, kenako ndinkamufunsa kuti, "Nanga bambo anu ali kuti?"