Mchombo wa mwana wa Bonaventure

Bonaventure anafika ku Joni ali mnyamata, atauza abale ake ku Ntcheu kuti akungokasaka malata a nyumba, chaka chikamatha abwerako. Zaka khumi ndi chimodzi zinadutsa akunenabe kuti chaka chamawa. Ankagwira ntchito m'magadeni a mabwana ku Springs, kutchetcha kapinga ndi kudulira mipanda. Kogona kunali ku KwaThema, m'kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachizulu, pabwalo lothiridwa simenti kuyambira pageti mpaka kuchimbudzi. Mkazi wake Edna anamutsatira patapita zaka zingapo, nayamba maganyu ochapa ndi kusita. Za ulendo wobwerera kumudzi anasiya kalekale kufunsa.

Mwana wawo woyamba, wamkazi, anabadwa mu Juni, chisanu chitafika pothetsa nzeru. Atangotuluka m'chipatala, malamulo anayamba kugwa pafoni kuchokera kwa amayi ake a Edna. Loyamba linali lakuti mwana ali m'chikuta, mwamuna asalowemo mpaka mchombo utagwa. Bonaventure anafunsa kudzera mwa mkazi wake kuti nanga iye akagone kuti, poti chikutacho ndi chipinda chomwecho, khitchini ndi yomweyo. Apongozi anaganiza kaye, kenako anagamula kuti pakati pamangidwe chitenje.

Basi bambo wa mwana anakhala sabata yathunthu pamatiresi kuseri kwa nsalu, mwana wake akungomumva kulira. Madzi osamba ankatenthetsa mu ketulo n'kukankhira beseni pansi pa chitenjecho. Matewera ankachapa yekha asanakakwere takisi, zala zitachita dzanzi, ndipo azimayi a pabwalopo ankaima n'kumaonerera ngati kwabwera kanema waulere. Mkatimo Edna ankapukuta mchombo ndi sipiriti wa kukiliniki, maso ali tcheru, chifukwa amayi ake anachenjeza kuti ukagwera pakati pa miyendo mwanayo sadzabereka.

Unagwa tsiku lachisanu ndi chitatu, chakumbali, bwinobwino. Chitenje chinatsitsidwa. Bonaventure ananyamula mwana wake koyamba, ndipo anachita mantha ndi kupepuka kwake, kenako anasangalala kwambiri. Anamutcha Mervis, dzina la malemu amayi ake.

Nkhani inatsala inali ya kachinthu kouma kaja. Kwawo mchombo amaukwirira pakhomo, ndipo kumene uli ndiye kwawo kwa munthuyo. Apa Bonaventure, amene sankalimbana ndi munthu, anauma mutu. Mchombo wa mwana wake upita ku Ntcheu basi. Anaukulunga m'thonje, n'kuuika m'bokosi la machesi, n'kupita kwa Douglas, dalaivala amene amanyamula katundu wa anthu kupita naye ku Malawi.

Douglas anasuzumira m'bokosimo n'kulibweza msangamsanga.

"Eish, achimwene, mafiliji ndinyamula, njinga ndinyamula. Koma kachidutswa ka munthu? Akakandipeza nako paboda ndikayankha chiyani? Akati ndimagulitsa zizimba."

Dalaivala wachiwiri anakananso. Wachitatu anaseka mpaka kugwira galimoto. Bokosi linabwerera kunyumba n'kukhala pamwamba pa kabati. Apongozi ankaimba tsiku ndi tsiku: mchombo sausunga m'nyumba, anthu oipa angaube n'kuchita nawo zawo. Edna anayamba kuda nkhawa. Mwana akangolira mosazolowereka, maso ake ankapita pakabati.

Loweruka lina masana Bonaventure anabwera akumwemwetera. Anali atapeza mayi wina wa kutchalitchi amene anavomera kuunyamula m'kachikwama kake, koma ulendo wake unali wa mu Disembala. Anatambasula dzanja pakabati, n'kupeza bokosi lilibe kanthu.

"Amake mwana, chinthu chija chili kuti?"

Edna anali kuyamwitsa, ndipo sanadzutse mutu.

"Ndakwirira."

"Mwakwirira kuti?"

"Kuseri kwa chimbudzi, pamene amayi a nyumba anabzala pichesi. Ndi pokhapo palibe simenti. Ndinawapempha, iwo anati kwawonso amakwirira. Fosholo anabweretsa okha."

Bonaventure anakwiya, mkwiyo wa munthu amene sanazolowere kukwiya.

"Ndiye kuti mwana wanga mwamusandutsa wa kuno? Pakhomo pa eni ake?"

"Wabadwira kuno, bambo a Mervis. Adzakwawa pasimenti yomweyi, sukulu adzayamba komkuno. Ine ndatopa kukhala ngati tili padepoti kudikira basi. Mwana yekhayu akhaleko ndi pamene ali."

Bonaventure anadziwa kuti mkaziyo sakunama, ndipo n'chimene chinamupweteka kwambiri. Anatuluka n'kuzungulira kuseri kwa chimbudzi. Pansi pa pichesi, mtengo uli mbee wopanda tsamba ndi limodzi, panali kamulu ka dothi latsopano. Anangoyang'ana kamodzi n'kuona kuti ntchitoyo ndi ya anthu osadziwa kukumba. Dzenje linali losaya, galu aliyense akanafukula.

Akanatha kuufukula n'kuubwezera m'bokosi, Disembala sanali kutali. Anagwada, nasalaza dothi ndi zala mpaka anapeza kathonje kaja, n'kukaika pabondo. M'nyumba mwana anayamba kulira, Edna akumutonthoza. Bonaventure anatenga fosholo ija, nakumba mpaka dzanja likulowa kufika m'chigongono. Anaika kathonjeko pansi penipeni, nakwirira, napondaponda ndi chidendene mpaka dothi linalimba.