Mayi Talato ndi Kapolo Wawo wa ku Ofesi ya Madzi

Dimba langa ndi la mayi Talato Guigma anangolekana ndi kamzere ka mapesi, ndiye pakamwa pawo ndimapadziwa kuposa pa mkazi wanga. Ndi mayi wamfupi, wa mapazi ong'ambika, koma mawu awo amawoloka damu lonse la Kuilpanga popanda chimkuzamawu. Akamakalipira munthu, ngakhale abulu a tsidya lina amaimika makutu.

Anabadwira m'mudzi umene lero uli pansi pa damulo. Madzi akaphwera kwambiri pamatuluka chitsa cha bwemba, ndipo iwo amachiloza ndi mlomo n'kunena kuti mchombo wawo unakwiriridwa pamenepo. Anakwatiwa m'tauni, koma mwamuna anapita kokumba golide ndipo dzenje linamugumukira. Anatsala ndi ana ndi mgolo wa matayala awiri. Zaka zambiri ankakankha mgolowo kugulitsa madzi khomo ndi khomo, mpaka msana unakana. Ndiye anapeza kadimba kuno n'kuyamba anyezi. Pano akulera zidzukulu, ana a mwana wawo wamkazi amene anapita ku Abidjan n'kuiwala njira yobwerera. Chakudya cha chaka chonse pakhomo pawo chimachokera m'mabedi a anyeziwo, kwina kulibe.

Sylvain Paré atatumizidwa kudzagwira ntchito ku ofesi ya madzi ya kuno, anayendera madimba kudzadzionetsa. Anali atapisira malaya, nsapato zikuwala. Atangotchula dzina lake, mayi Talato anaponya kheni pansi.

"Paré? Msamo? Boma nzeru zatha eti, mpaka kupatsa kapolo wanga makiyi a damu! Iwe, wadya galu wa ndani m'mawa uno?"

"Tseka pakamwa, kapolo iwe," anayankha Paré. "Mmosi angadziwe chiyani za madzi? Si inu mumasamba pa Khirisimasi pokha?"

Anakumbatirana ngati anayamwa bere limodzi. Mitundu yathu iwiriyi, ife Amosi ndi Asamo, timatero, ndi mwambo wathu wa rakiire. Tikakumana timatukwanizana ngati pachisuweni, ndipo wokwiya ndiye wachita manyazi. Ngakhale munthu akhale nduna, mnzake wa rakiire akamutcha mbava pagulu, amangoseka.

Kuyambira tsiku limenelo Paré anali wa pakhomo. Masana ankaimika njinga yake yamoto pansi pa mtengo wa mango, n'kudya mpunga wa khobwe wa mayi Talato kwinaku akunyoza kuti mcherewo wathiridwa ndi munthu wakhungu. Amayi ake atamwalira ku Toma, mayi Talato anakwera lole ya ng'ombe kupita kumaliroko. Anakalowa m'dzenje la manda n'kukhala pansi, akuti kapolo wawo saikidwa mpaka abale ake alipire nkhuku ndi chipanda cha mowa wa mapira. Paré anaseka misozi ili chuchuchu, ndipo anandiuza yekha kuti tsiku limenelo mayiyu anamuchotsa mwala pachifuwa.

Chaka chathachi mvula inadula msanga. Pofika Novembala chitsa cha bwemba chija chinali chitatulutsa kale mutu. Tinamufunsa Paré ngati tiwokere mbande kapena tileke, iye n'kuti akuluakulu sanalankhule. Mbande siidikira akuluakulu, tinawokera. Mayi Talato anagulitsa bulu wawo kuti apeze feteleza ndi mafuta a pampu. Msonkhano wotiuza za madzi unaitanidwa kumapeto kwa Disembala, anyezi ataima kale m'mabedi.

Anamanga tenti pafupi ndi khoma la damu. Alendo anakhala pamipando, aliyense botolo la madzi ozizira patsogolo, ife pafumbi. Panali mkulu wina wochokera ku likulu, wa mkanjo woyera mbee. Paré ndiye anapatsidwa chimkuzamawu. Anati madzi otsalawo sangafike mu Juni, pamene mvula imayamba kuno. Anati m'tauni mipope izituluka lero, mawa ayi. Ng'ombe zizimwera mbali ya kumtunda yokha. Ndipo mapampu onse a m'madimba achoke m'madzi Febuluwale akangoyamba, wokanira adzalandidwa.

Anyezi wathu amafuna madzi mpaka Malichi. Zimenezi aliyense pamenepo ankazidziwa, ngakhale wa mkanjo uja akanafunsa mkazi wake akanamuuza.

Panalinso china chimene aliyense ankachidziwa. Pakhoma, pamene pali pozama, pamachokera mapaipi a tauni, ndipo ndi abuluu. Chaka chinacho panamera paipi ina, yopakidwa utoto wabuluu ndi burashi, mpaka madontho ake anali kuoneka pamiyala. Koma iyo siipita kutauni. Imakhota kuseri kwa chitunda kukathirira nthochi za munthu wina wamkulu amene sitinamuonepo nkhope, timangodziwa galimoto yake. Nkhaniyi anthu ankangoinong'ona, pajatu khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Mayi Talato anaimirira. Asanatsegule n'komwe pakamwa, anthu anayamba kugwedezana zigongono ndi kumwetulira, poti ankadziwa kuti akaimirira mayiwa pamaso pa Paré, mimba ziwawa ndi phwete.

"Sylvain," anatero, "lero sindikuseka."

Anthu anafa nacho chiseko.

"Ndati sindikuseka! Paipi ija mwaipaka utoto, tauni yake ndi iti? Nthochi zija ndi anthu? Zili ndi ana? Ngati madzi achepa, achepere tonse. Tseka ija, ife utisiyire mpaka Malichi, anyezi akhwime. Ukandichotsera pampu mu Febuluwale, zidzukulu zanga zidya chiyani?"

Ine ndinali kumuyang'ana Paré. Anamva. Ndikulumbira kuti anamva, chifukwa ndinaona mmene anamezera malovu. Anayang'ana wa mkanjo uja, anayang'ana pansi, kenako anatulutsa mano onse.

"Mwamumva kapolo wanga? Mowa wa dzulo sunamuchoke! Mmosi akaona paipi amayesa nsato, ndiye musadabwe. Khala pansi agogo iwe, ungagwe, ndilibe wilibala yokunyamulira!"

"Wakuba iwe! Ukundiphera ana!"

Koma mawu akuti wakuba anali atamuuza tsiku lililonse kwa zaka zonsezi, pa mpunga, pa moni, ngakhale pamanda a amayi ake. Anali atabuntha. Amayi anaimba nthungululu, amuna akugwira m'mimba. Wa mkanjo uja anaimirira n'kuwomba m'manja.

"Ichi ndiye chuma cha dziko lathu," anatero. "Kwina pa nkhani ya madzi anthu akanatemana ndi zikwanje. Kuno timathetsa ndi nthabwala. Amayi, Mulungu akusungeni!"

Ndinalavula pansi n'kuchoka msonkhano usanathe. Tsiku lomwelo wailesi ya kuno inaulutsa kachigawo kameneko, chiseko ndi nthungululu zomwe, n'kunena kuti alimi alandira uthengawo ndi manja awiri. Za paipi anadula.

Mayi Talato sanagonje msanga. Anavala nsalu yawo ya kutchalitchi n'kupita ku ofesi kuti akalankhule naye awiri. Mlonda atawaona anafuula kuti, "Bwana, bisalani, mbuye wanu wafika!" Makalaliki anasiya ntchito n'kudzaunjikana pakhomo kuti aonere ulere. Paré anatuluka manja ali m'mwamba ngati wogwidwa, akupempha chifundo mwanthabwala, ndipo anawapatsa botolo la zozizira. Anabwerera nalo osatsegula.

Ine ndinakumana naye pomwetsera mafuta. Ndinamuuza kuti, "A Paré, ine sindichita nanu nthabwala ngati mayi aja. Munawamva bwinobwino."

Anayang'ana uku ndi uku. "Noaga, paipi ija ili ndi mwini wake. Ine ndili ndi ana kusukulu."

"Nanga a mayi Talato ndi ana a mbuzi?"

Analiza njinga n'kumapita.

Febuluwale atafika kunabwera lole ndi apolisi. Ambiri tinali titachotsa kale mapampu. Ya mayi Talato anaipeza m'madzi, anaikweza. Tinabwerera ku makheni ngati kale. Koma madzi anali atathawira kutali, ndipo pakati pa madimba ndi madziwo panali matope ofika m'mawondo, onunkha nsomba zowola. Ng'ona zinali zitaunjikana m'kadziwe kotsalako. Mayi wa msana wothyoka kale uja ankalowa m'matopemo ndi makheni awiri, mphepo ya fumbi ikumuwomba kumaso, zidzukulu zikumutsatira ndi timabigili. Akafika pabedi, theka la madzi linali litatayikira m'njira. Anasiya mabedi akumtunda kuti apulumutse akumunsi. Kenako anasiya ena. Masamba anachita chikasu n'kugona, ndipo atazula kuti aone, anyeziyo anali ngati mazira a njiwa.

M'tauni namo munali moto. Ija ya lero ndi mawa inasanduka kamodzi pa sabata. Amayi ankamenyana pamzere wa zigubu, ndipo tikapita kumsika ankatitukwana ife a madimba kuti ndife tamaliza damu. Wina anamulavulira mkazi wanga pansalu. Nthawi yonseyi ukakwera pachitunda unkaona nthochi zija zili biriwiri, masamba akunyezimira, madzi akuchita kusefukira mumsewu.

Paré sanaoneke kumadimba mpaka kumapeto kwa Malichi. Anabwera masana, kathumba ka mpunga kali kumbuyo kwa njinga. Mayi Talato anali atakhala pansi pa mango, akusankha timaanyezi tija m'beseni kuti aone ngati mungatuluke toti n'kugulitsa. Iye anayamba kufuula akadali patali.

"Kapolo wanga ali kuti? Sanafe? Tuluka udzalandire mbuye wako, Mmosi wosasamba iwe!"

Mayi Talato anaika beseni pambali. Anaimirira pang'onopang'ono, anakonza mpango kumutu, anatunga madzi m'chikho. Anayenda mpaka pamene panali Paré, n'kugwada maondo onse awiri pafumbi, chikho chili m'manja awiri.

"Takulandirani, bwana. Mwaswera bwanji?"

Paré anaseka, koma chisekocho chinathera panjira.

"Iwe, wayamba misala? Dzuka apa."

"Kunyumba ali bwanji, bwana? Ana akuphunzira bwino?"

"Talato, usatero. Taona, ndakubweretsera mpunga. Ndaba kwa amalume ako."

"Zikomo kwambiri, bwana. Mwativutikira. Koma tadya kale."

Anali asanadye. Ndinkadziwa ine kuti pakhomopo moto sunayake kuyambira dzulo lake. Anthu a m'madimba oyandikana anali atayamba kusendera kuti adzaseke monga mwa masiku onse, koma anaima chapatali, aliyense kheni ili m'manja.

Paré anatsika panjinga. Anagwada nayenso, buluku lake lositasita lija pafumbi.

"Mayi, nditukwaneni. Chonde. Nenani kuti ndine wakuba. Nenani kuti ndimadya agalu."

Mayi Talato anamuikira chikho m'manja, anadzuka movutikira atagwira msana, n'kubwerera pa beseni lawo.

"Ine ndingatukwane bwanji munthu wa boma?" anatero. "Muyende bwino, bwana."