Oda ya a Muhowa

Ndikamva fungo la kalongonda ali pamoto, maganizo anga amathamangira kwa a Muhowa, atakhala pa chigubu chobooka kuseri kwa nyumba yathu ya boma ku Phalombe, akusonkhezera moto ndi mapesi a nandolo, utsi ukuwalowa m'maso koma iwo osasuntha, mphika ukubwata pang'onopang'ono kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Kalongonda saphika munthu wothamanga. Amafuna kutaya madzi kangapo, apo ayi amakuzunguza mutu. A Muhowa nthawi yotero anali nayo yambiri, chifukwa panalibe wowafulumizitsa, panalibenso wodikira kuti adye nawo.

Tinafika ku Phalombe boma litangopatulidwa kumene ku Mulanje. Bambo anga, a Phiri, anali kalaliki wa pa ofesi. Amayi anatsala kwathu ku Ntchisi ndi ang'ono anga kusamala munda, ine ananditenga kuti ndizikawaphikira bambo uku ndikuphunzira. Ndinali mtsikana wa zaka khumi. Kusukulu anzanga ankandiseka malankhulidwe, ndikati nyemba iwo amvekere mbwanda, kenako kuseka mpaka kugwirana mapewa. Nanenso sindinali wophweka: ndinali ndi matama a mwana wa kalaliki, ndipo wondiseka kamodzi sindinkamupatsanso moni. Mapeto ake ndinkaweruka ndekha, kudya ndekha, n'kumakhala pakhonde kuyang'ana phiri la Michesi mpaka bambo atabwera.

Kanyumba ka a Muhowa kanali pamene malo a boma ankathera, minda ya chinangwa n'kuyambira. Kanali ka chipinda chimodzi, koma ngodya zake zinali zowongoka kuposa za nyumba yathu, poti eni ake anali mmisiri womanga amene anakalambira m'maesiteti a tiyi. Akazi awo ndi ana awo awiri omaliza anapita ndi madzi a Napolo, aja anatsika m'phiri ndi miyala, iwo ali kuntchito. Anthu ankawalonjera chapatali, mwaulemu, n'kumapitirira. Ine ndinkawaopa, mpaka tsiku la chikwama.

Loweruka lina bambo anandigulira chikwama cha sukulu pa kaunjika ku Migowi. M'kathumba ka m'kati ndinapezamo tinthu tapulasitiki todzaza manja awiri, tofiira, toyera, tabuluu, tokhala ndi timatuza pamwamba, komanso kabuku kopindapinda kazithunzi. Ndinaluma kamodzi poganiza kuti ndi switi. Ndinatiyala pakhonde ndili wokhumudwa, ndipo a Muhowa, amene ankadutsa ndi ndowa ya madzi, anaima.

"Mosheliwa?" anatero, kumene kuli kulonjera kwa Chilomwe. Sanadikire yankho, poti ankadziwa kuti ndilibe. Anatula ndowa, anatola tiwiri, anatitembenuza, kenako anatikanikiza pamodzi mpaka tinalira kuti tha. "Iiih! Izitu ndi njerwa izi. Njerwa zopanda matope!"

Kuyambira tsiku limenelo ndikaweruka ndinkangoponya chikwama n'kuthamangira kwawo. Ine ndinkasanja njerwa imodzi pamwamba pa inzake molunjika, khoma n'kumagawanika. Iwo ankandimenya chala mopepuka. "Njerwa imagona pa ziwiri, osati pa imodzi. Mukufuna kupha eni nyumba?" Tinkamanga kakhoma kofika mizere inayi, njerwa n'kutha, tigumule, tiyambenso. Zala zawo zinali zokhakhala ndi simenti ya zaka zambiri, moti pomasula tinjerwato ankagwiritsa ntchito mano atatu amene anawatsalira kutsogolo.

Koma chimene chinawagwira mtima chinali kabuku kaja. Munali zithunzi za zinthu zimene munthu angamange atakhala ndi mabokosi athunthu: bwalo la ndege, sitima yapamadzi, galimoto yozimitsa moto, nyumba ya mfumu yokhala ndi nsanja. Ankakayang'ana atakatalikitsa ndi maso, akupukusa mutu. "Anthu akewa bwanji onse ali achikasu? Akudwala? Nanga chigayo chili kuti? Amadya chimanga chosagaya kumeneko?" Ndinawauza, ndi nzeru zanga za Sitandade 4, kuti zimenezi amapanga a kampani ku Ulaya, ndipo chaka chilichonse amatulutsa zatsopano.

Mawu akuti kampani ndiwo anayambitsa zonse. Kwa a Muhowa kampani inali chinthu chodziwika bwino. Kuesiteti, mmisiri akafuna zipangizo ankauza kalaliki, kalaliki ankalemba oda, kapitawo ankapita nayo, ndipo kaya papite mwezi kaya miyezi itatu, lole inkabwera ndi katundu. Oda sinkatayika, inkangochedwa. "Ndiye kuti sakudziwa zoti apange," anatero. "Palibe anawalembera. Tengani pensulo, a kalaliki." Pa lilime lawo mawu akuti oda ankatuluka ngati ota, ndipo dzina langa linasanduka a kalaliki kuchokera pomwepo.

Oda imeneyi tinailemba milungu itatu, m'masamba apakati a kope langa la Samu. Iwo ankanena, ine ndinkalemba, tikumatafuna kalongonda wothira mchere. Choyamba chinali chigayo cha dizilo, cha lamba wozungulira ndithu, ndi azimayi pamzere atatuwa ndi ufa. Kenako msika wa ku Migowi tsiku la msika, matumba a nandolo, sikelo yolendewera mumtengo, ndi mavenda okangana ndi alimi. Ine ndinati minibasi, iwo anati pokhapokha kondakitala akhale wolendewera pachitseko, apo ayi si minibasi. Ndinati sukulu, anakana. "Mwana wachoka kusukulu, akafike kunyumba amangenso sukulu? Mukudana nawo ana?" Tinakangana masiku awiri, ine n'kunyanyala, mpaka anandilola kulemba mjigo m'malo mwake. Anawonjezera mlatho wa zipilala zozama. Anatinso malata akhale adzimbiri pang'ono, ndipo anthu ake akhale akuda, ochira.

Tsiku lomaliza anayamba ndi kukanda pansi ndi kamtengo. Kenako anayamba kunena mofulumira, ngati munthu wowerenga zolembedwa kale. Nyumba ya zipinda zitatu. Mafiti makumi awiri ndi anayi m'litali. Khonde loyang'ana kuphiri. Zenera la kuchipinda likhale lopendama pang'ono, chifukwa womanga analiika atatopa ndipo mayi wa m'nyumbamo anakana kuti likonzedwe. Pakhonde pakhale mayi wopeta mapira, mnyamata wokonza njinga, ndi kamtsikana kongokhala. "Kasamachite chilichonse, kazingokhala. Mwalemba?" Ndinati ndalemba, anganga. Ngakhale ndinali mwana, ndinadziwa kuti nyumba imeneyo inali iti.

Panatsala keyala. Tsamba lomaliza la kabuku kaja linali long'ambika, koma ine, posafuna kuoneka mbuli pamaso pa munthu yekhayo amene ankanditcha kalaliki, ndinati keyala ndikuidziwa. Pa envulopu ndinalemba kuti: Kwa Opanga Njerwa za Ana, Ulaya. Kumbuyo ndinalemba keyala ya ofesi ya bambo, poti a Muhowa analibe yawo.

Ku positi ofesi kunali mzere. Bambo wa pawindo anawerenga envulopuyo, anavula magalasi, anawerenganso mokweza. Anthu anaseka. Sanali munthu woipa, anandiuza mofatsa kuti, "Mwanawe, Ulaya si mudzi. Kalata iyi singapite kulikonse. Kafunse akuluakulu keyala yeniyeni." Koma ine ndinangomva kusekako. Ndinatuluka, ndinadzera njira ya kumunda, ndipo nditafika pa chulu china ndinaipinda kalatayo n'kuikankhira m'dzenje la chiswe ndi kamtengo mpaka sinkaonekanso.

"Yapita?" anafunsa a Muhowa madzulo ake.

"Yapita, anganga."

"Basi. Tsopano tidikire lole."

Bodza limeneli ndinkaliyesa laling'ono, loti lifa lokha pakapita masiku. Silinafe. A Muhowa anasalaza malo pambali pa kanyumba kawo, anathira dothi la pachulu, analitsendera, analiyeza ndi levulo yawo yakale ya galasi losweka, kuti katundu akafika tidzamangire pamalo owongoka. Anakhomerapo kadenga ka udzu kuopa mvula. Lachisanu lililonse, tsiku limene mesenjala wa ku ofesi ankakatenga makalata, ankandifunsa kuti, "A kalaliki, kuli zii?" Ine ndinkati kuli zii. Iwo ankagwedeza mutu osadandaula. "Kampani yaikulu sithamanga." Ndinayamba kudana ndi Lachisanu. Masiku ena ndinkanamizira mutu n'kudzitsekera m'nyumba, ndikuwaona pazenera akusesa pamalo paja, ndipo kusungulumwa kwa masiku amenewo kunaposa kwa poyamba, chifukwa tsopano mnzanga ndinali naye koma ndinkamuthawa.

Kangapo ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule. Chinkanditseka si mantha a kukalipiridwa, a Muhowa sankakalipa. Ndinkaopa kuti adzafunsa kuti kalatayo ili kuti, ndiyeno ndidzanene kuti nyumba ija, ndi mayi wopeta uja, ndinazipereka kwa chiswe.

Patatha chaka ndi miyezi ingapo bambo anawasamutsira ku Mchinji. Lole ya boma inabwera m'mawa, ndipo katundu akukwezedwa ndinapita kwa a Muhowa nditatsimikiza mtima kuti lero ndinena. Ndinawapeza atavala jekete lawo la kutchalitchi. Ndinawapatsa njerwa zonse zija m'kapepala ka shuga, iwo anazibweza. "Mmisiri sasiya zipangizo. Tengani." Ndinati, "Anganga, kalata ija..." Anandidula. "Musade nkhawa, a kalaliki. Ndalankhula kale ndi mesenjala. Zonse zili m'manja." Woyendetsa lole analiza hutala, bambo anandiitana, ndipo ine, wamatama uja, ndinangoti zikomo n'kuthamanga. Sindinawaonenso.

Ku Mchinji ndinapeza anzanga, ndinakula, njerwa zija ang'ono anga anazimwaza. Ndinkadzitonthoza kuti nkhalambayo inaiwala. Ndili Fomu 3, bambo anapita ku maphunziro a ntchito ku Zomba ndipo anakumana ndi mesenjala uja. Atabwerako anandifotokozera akuvula nsapato, ngati nkhani yoseketsa yomvetsa chisoni pang'ono. A Muhowa anali atamwalira chaka chapitacho. Koma zaka zonsezo, Lachisanu lililonse, ankabwera ku ofesi atavala jekete, n'kukhala pa benchi la panja mpaka thumba la makalata litatsegulidwa. A mu ofesi anawazolowera, ena ankawapatsa tiyi.

"Akuti ankafunsa chinthu chimodzimodzi," anatero bambo. "Katundu wa mwana wa a Phiri wafika? Ndipo anamulembetsa mesenjalayo keyala yathu ya kuno pa kapepala, ankayenda nako m'thumba la jekete. Akuti katunduyo akafika asatsegulidwe, atumizidwe kwa iwe, chifukwa kumene wapitako ulibe wosewera naye. Kodi anali katundu wanji?"

Ndinati sindikudziwa. Limenelo linali bodza lachiwiri, ndipo ndinakalirira kubafa kuti bambo asandimve.

Nthawi yonse ija ine ndinkaganiza kuti a Muhowa akudikira nyumba yawo. Mwina poyamba ankadikiradi imeneyo. Koma munthu amene anakhala pa benchi zaka zinayi zija ankadikira kuti kamtsikana kamwano ka ku Ntchisi kasakhale kokha, pamene iko kanali katapeza kale anzake n'kumaseka nawo. Lero ndine mayi wa ana atatu, ndipo ndanenapo mabodza ena m'moyo, akuluakulu kuposa la kalata lija, amene ndinapepesa n'kukhululukidwa. Ili lokha ndilibe kolipepesera. Ndinapitako ku Phalombe zaka zapitazo kukafunsa manda awo, koma anthu amene ndinawapeza pamalopo anali achilendo, ndipo palibe anadziwa dzina lawo.