Woluka Tsitsi Amene Anamulira Ali Moyo

Tsiku limene mayi wina woluka tsitsi anatuluka mu tenti ya odwala, anapeza anthu atamulira kale maliro. Mphasa yake anali atawotcha. Kampando kamene makasitomala ake ankakhalira kanali kuseri kwa nyumba, miyendo ili m'mwamba. Mayi woyandikana naye nyumba atamuona akukhota pakona, anataya ndowa yodzaza madzi n'kuliyatsa liwiro, nsapato imodzi kuisiya pomwepo.

Inu amene mukuti zanu zavuta, takhalani kaye pansi mumve za mayi ameneyu. Ine ndimamugomera, ndipo sindibisa.

Ankakhala mu kampu ya anthu othawa nkhondo. Mwamuna wake anafera m'njira pothawa, iye n'kutsala ndi mwana mmodzi wamkazi ndi luso la m'manja mwake. Mliri wa chifuwa utalowa mu kampumo, anali m'gulu la oyamba kudwala. Anamutengera ku tenti yoyera kuseri kwa chipatala, kumene abale sankaloledwa kulowa.

Ndiye poti palibe ankaona zam'kati, aliyense anali ndi nkhani yake. Ena ankati kumeneko amabaya jakisoni wakupha. Ena ankati amapopa magazi n'kukagulitsa. Za iyeyo zinamveka kuti anamwalira ndipo anamukwirira mobisa.

Mukuganiza kuti atatulukira ali moyo anthu anachita manyazi? Ayi ndithu. Bodza lija linangosintha malaya. Tsopano ankati amuthira mankhwala m'thupi kuti azifalitsa matenda, ndiponso akumulipira kuti azikopa anzake kupita ku tentiko. Anamupatsa dzina loti Mzukwa.

Zonsezo akanapirira. Chimene chinamuswa mtima chinali mwana. Pamene iye ankadwala, mwanayo ankasungidwa ndi apongozi ake, amayi a malemu mwamuna wake, omwe ankakhala ndi mwana wawo wina wamwamuna kumapeto kwa kampu. Atapita kukamutenga, apongozi anaima pakhomo, manja atatambasula.

"Ima pomwepo," anatero. "Mwana wanga ndinamusiya m'tchire. Mdzukulu yekhayu sindilola kuti umuphe ndi zimene akuthirazo."

"Amayi, ndine ndemwe. Ndachira."

"Kumene wachokerako sikuchokera anthu ochira."

Mwana uja ankasuzumira kumbuyo kwa agogo ake, akufuna kuthamangira amake, koma bambo ake aang'ono anamukokera m'nyumba n'kutseka chitseko. Mayiyo anabwerera yekha, misozi ili chuchuchu. Anazindikira kuti mwana sadzamuonanso pokhapokha apongozi akewo atasiya kumuopa.

Ambirife tikanadzitsekera m'nyumba n'kumatukwana anthu chamumtima. Iye anabwerera ku tenti komwe kuja, kwa namwino amene ankamusamalira.

"Anesi, ndiuzeni chilungamo. Munandithira chiyani m'thupimu?"

Namwinoyo sanamuseke. Anatenga thumba la diripi n'kumuwerengera zimene zinalembedwapo: madzi, mchere pang'ono ndi shuga. Anamuonetsa mankhwala amene ankamwa ndi botolo la mpweya limene linamuthandiza kupuma. Anamufotokozeranso za amene anamwalira, ndi chifukwa chimene abale sankaloledwa kulowa.

"Nanga bwanji simuwauza anthu zimenezi?"

"Timawauza tsiku lililonse, mayi. Galimoto ya chimkuzamawu ija simuimva?"

Mayi uja anaseka, koma kuseka kwake kunali kowawa.

"Anesi, kwathu tsiku limene anatiwotchera nyumba, kunayamba kubwera galimoto ya chimkuzamawu. Inkati tulukani nonse, musaope, palibe amene akuvulazeni. Amene anatuluka sitinawaonenso. Ndiye yanuyi ikamadutsa n'kumati musaope, ife timatseka zitseko."

Namwinoyo anaika thumba la diripi lija pansi. Anali munthu wachifundo, wogwira ntchito mpaka miyendo kutupa, koma zimenezi palibe anali atamuuzapo.

"Ndiye titani?" anafunsa.

"Musamatiyankhe zimene sitinafunse. Ine ndizibweretsa mafunso a anthu, inu muziyankha. Chimene simukuchidziwa muzinena kuti simukuchidziwa."

Anagwirizana. Galimoto ija anaiimitsa. Koma mafunso akanawatenga kuti munthu amene aliyense ankamuthawa? Anaika kampando kake panja, pamalo opita mphepo, pambali pake beseni la madzi ndi sopo, iye atavala masiki. M'mawa uliwonse ankayala zipeso zake, madzulo n'kuzilongedza osagwira mutu wa munthu. Amayi ankadutsira patali, ena akukoka ana awo. Njala inamugwira, koma sanasiye. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Woyamba kubwera simungamuganizire. Anali mayi wogulitsa tomato amene kampu yonse inkamutchula kuti Wailesi, chifukwa nkhani ikafika kwa iye m'mawa, masana inali itafika paliponse, ili ndi mchere wake. Ndi yemweyo amene analengeza za imfa ija, mpaka anafotokoza mtundu wa bulangete limene anakulungira mtembo. Koma chidwi chinamukulira kuposa mantha.

"Ndabwera kudzaona ngati manja akowo ali ofunda," anatero ataima chapatali.

"Khalani pansi, anzanga. Muwamva m'mutu."

Ubwino wa ntchito yoluka ndi wakuti munthu sangathawe mutu uli theka. Amakhala mpaka umalize, ndipo pakamwa sipakhala chete. Wailesi anakhuthula zonse. Akuti mankhwala opopera m'manja aja amatseka mimba. Akuti kachipangizo koloza pamphumi kaja kamaumitsa ubongo. Akuti matendawa sagwira munthu amene anavutika kale ndi nkhondo.

Apa mpamene ndimaona nzeru za mayiyu. Sananenepo kuti limenelo ndi bodza. Ankadziwa kuti ukamuuza munthu kuti wanama, amasiya kuganiza za nkhaniyo n'kuyamba kuteteza ulemu wake. Ankangofunsa kuti, "Mwamva kwa ndani?" Yankho linkakhala loti kwa mlamu wa wina amene anamva pampopi. Akatero iye ankati, "Ndikakufunsirani."

Ndipo ankakafunsadi. M'mawa mwake ankapita pa benchi ya tomato ndi yankho. Kachipangizo kaja anakabwereka n'kukaloza pamphumi pake iye mwini, pakhoma, ngakhale pa ketulo, kuti aone okha kuti kamangoyeza kutentha basi. Masiku ena ankabwera n'kunena kuti, "Limenelo anesi akuti sakulidziwa, akafufuza." Poyamba anthu ankaseka. Namwino wanji wosadziwa? Koma pang'ono ndi pang'ono anayamba kuona kuti munthuyu akati akudziwa, ndiye kuti akudziwadi.

Makasitomala anayamba kubwera, wina lero, wina mkucha. Ena ankabwera tsitsi lili bwinobwino, nkhani ili funso. Abambo, poti iwo saluka, ankatuma akazi awo n'kuwauza kuti asatchule amene wafunsa.

Kenako linafika funso lalikulu, limene aliyense ankaliopa.

Mu kampu chiyembekezo cha banja lililonse chinali intavyu, tsiku loitanidwa ku ofesi kukafunsidwa mafunso kuti mwina akutumizeni kukakhala dziko lina. Anthu ankadikira tsiku limenelo zaka ndi zaka. Ndiye panali mphekesera yoti aliyense wopezeka ndi matendawa, mwayi wake umathera pomwepo, pamodzi ndi wa banja lake lonse. N'chifukwa chake anthu ankabisa odwala. Munthu ankatsokomolera mu pilo kuti oyandikana nawo asamve.

Namwino uja sankadziwa yankho, choncho anapita onse awiri ku ofesi. Kumeneko anawauza mosabisa: mwayi sutha, koma intavyu ya banja lonse amaiimitsa mpaka wodwalayo atachira, ndipo tsiku lina likhoza kuchedwa kubwera.

Ali m'njira namwino anali ndi nkhawa. "Tikanena zoimitsazo, anthu abisala kuposa kale. Bwanji tingowauza kuti mwayi sutha? Si bodza limenelo."

Mayi uja anaganiza kwa nthawi. Theka lokomalo likanamupindulira, anthu akanamuombera m'manja.

"Ayi, anesi," anatero. "Tsiku limene adzatulukire theka linalo, zonse zimene ndawauza zidzasanduka bodza."

Anakanena zonse, pamaso pa amayi amene ankadikira kulukidwa. Panabuka phokoso. "Mwaona! Timanena ife!" Ena ananyamuka n'kumapita akutukwana. Mayiyo anangoima, chipeso chili m'manja, akuona ngati zonse zimene anamanga zagwa.

Amene anadzuka anali Wailesi, mutu uli theka, mbali ina tsitsi lili nyankhalala.

"Tamverani inu! Ine nkhani ndazinyamula zambiri, ndimadziwa kulemera kwake. Munthu wolipidwa amakuuza zokoma zokhazokha. Uyu watiuza zowawa. Wakutsina khutu ndi mnansi."

Si onse anabwerera tsiku limenelo. Koma m'masabata otsatira, mabanja ena anayamba kutulutsa odwala awo. Wometa wina anayamba kutolera mafunso a abambo, telala nayenso chimodzimodzi, ndipo onse ankawabweretsa kwa mayi woluka uja. Dzina loti Mzukwa linayamba kuzilala. Apongozi okha ndiwo sanasunthe. Akamuona akubwera, ankalowetsa mwana m'nyumba.

M'mawa wina Wailesi anafika wopanda dengu lake la tomato, akupumira m'mwamba.

"Apongozi ako akudwala. Alamu ako awatsekera m'nyumba, akuti intavyu yawo yayandikira. Mwana wako akugona chipinda chomwecho."

Mayi uja anasiya zonse n'kuthamanga. Anapeza mlamu wake ataima pakhomo, maso ali psuu chifukwa chosagona. M'kati munkamveka chifuwa chosalekeza.

"Bwererani, alamu. Ndi chimfine chabe."

"Alamu, sindikunamizani. Mukawatengera ku tenti, intavyu aimitsa, ndipo sindikudziwa kuti adzakuitananinso liti. Sindingalonjezenso kuti achira. Ena amene ndinagona nawo sanatuluke. Koma kumeneko kuli mpweya wothandiza kupuma, muno mulibe."

"Zaka zonsezi tadikira," anatero bamboyo. "Mukufuna tiyambirenso?"

"Kunjako mukufuna mukafike ndi amayi, kapena ndi chithunzi chawo?"

Bamboyo anagwira nkhope. Kenako m'nyumba munamveka mawu otsika, oduka ndi phuma.

"Mulowetse."

Anakonza masiki yake n'kulowa. Apongozi anali gone pa matiresi, ataonda, milomo itauma. Mwana anali pakona, mawondo atakumbatira.

"Ukuti ena sanatuluke?" anafunsa apongozi.

"Eya, amayi."

"Nanga iwe unatuluka bwanji?"

"Ndinapita msanga."

 Apongoziwo anali munthu amene anauzidwapo mawu okoma ambiri m'moyo wake, ndipo ambiri mwa mawuwo anamusiya akulira.

"Galimoto ya chipatala sindikwera," anatero.

"Tibwereka njinga. Alamu azikankha, ine ndikugwirani kumbuyo."

Akuwadzutsa, apongozi anatembenukira kwa mdzukulu wawo.

"Longedza zovala zako. Amako abwera."

Anayenda nawo pang'onopang'ono kudutsa pakati pa kampu, dzuwa likuswa mtengo, anthu ataima m'makomo akuonerera. Mayi amene ankati tenti ija ndi manda ankapitako atatsamira munthu yemwe anamukaniza kulowa pakhomo pake. Tsiku lomwelo mabanja ena a mbali imeneyo anatsegula zitseko zawo.

Sindikukometsera nkhani. Apongozi analimbana nawo matendawo kwa nthawi yaitali, anachira, koma mphamvu sizinabwerere zonse. Intavyu anaimitsadi, ndipo mlamu uja anatha miyezi osamulankhula mayi uja. Mayi wolukayo sanalemere. Akukhalabe mu kampu momwemo, koma lero achipatala akakhala ndi uthenga, amayamba afunsa iye ndi anzake ometa ndi osoka aja kuti anthu akuopa chiyani.

Ine chimene chimandikhudza kwambiri ndi madzulo a tsiku la njinga lija. Namwino anati mwanayo akhale m'nyumba masiku angapo, poti anali pafupi ndi wodwala, ndipo amake amuyang'anire. Palibe lamulo limene mayiyo analilandira ndi manja awiri ngati limenelo. Anamusambitsa, n'kumukhazika pakati pa miyendo yake. Tsitsi la mwanayo linali litapotana, poti agogo maso anali atafooka ndipo ankangolimanga ndi kansalu. Anayamba kulimasula pang'onopang'ono, misozi ikugwera m'mutu mwa mwanayo.

"Amayi, mukukoka."

"Pirira, mwanawe. Ndangoyamba kumene."

Inu amene anthu akukukayikirani, amene mukunena zoona koma palibe akukumverani, musafulumire kugula chikhulupiriro ndi mawu okoma. Funsani pamene simukudziwa, bwererani ndi yankho, ndipo mulinene lonse ngakhale likuwawa. Zimachedwa, ndipo masiku ena mudzakhala nokha. Koma gwirani mtima, musautaye. Khomo limene akutsekerani lero, mwini wake adzakutsegulirani yekha.